Masamba a maliro amene anaimitsa lole yanga

Dandaulo loyamba ndinalipereka Lolemba, sabata imene mvula inayamba chaka chatha, ndipo kope lake lili m'manja mwangamu. Ndikupatsani moni, abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine dalaivala wachikulire, ndipo ndinayenda ndi imfa pansi pa mpando miyezi itatu.

Ndinkayendetsa lole yotuta njerwa ya kampani ina ku Ginnery Corner. Kutsogolo kumanzere inayamba kulira gu, gu, ikamenya dzenje. Ndinadziwa kuti ndi bolojointi. Ndi kachitsulo kamutu wobulungira kamene kamakhala m'kachikho, ngati fupa la m'chiuno. Ndiko kamagwira tayala kuti lizikhota ukapotoza chiwongolero, lizikwera ndi kutsika m'maenje koma osachoka pamalo pake. Kakazuka, chiwongolero chimatsala chidole m'manja mwako.

Folomani wa pagalaja anaseka. "Madala, si mawondo anuwo akulirawo?" Anauza makaniko kuti akhome kachikhoko ndi hamala, apake girizi, amange ndi mphira. Kanakhala chete sabata imodzi, kenako kanayambanso kulira. Ndinalemba kalata yachiwiri, kenako yachitatu. Zonse anadinda, yankho ayi. M'mawa uliwonse ndinkagwira chiwongolero n'kupemphera kuti, Ambuye, ngati kazuke, kasazukire pa mwana wa munthu.

Tsiku lina masana ndikulowa ku Chimwankhunda ndi njerwa zodzaza, ndinaona masamba ataikidwa pamsewu. Maliro. Ndinali nditachedwa, mtima unkati pitirira, koma ulemu wa maliro sindinauphwanyepo. Ndinavula chipewa, ndikuyenda ngati nkhono. Pomwepo kachitsulo kaja kanazuka. Tayala linapindikira m'kati, lole inagwada ngati ng'ombe, n'kuima mapazi asanu kuchokera pa amayi amene ankaimba nyimbo. Patsogolo pang'ono pali mtsetse, ndipo ana a sukulu anali akuweruka.

Womwalirayo sindimudziwa. Ndinangomva kuti anali bambo wosoka nsapato. Ndinatsika, ndinakhala pansi ndi anamalira mpaka bokosi linanyamulidwa. Mulungu anandiyankha ndi masamba a munthu wakufa, ndipo ndimuthokoza. Inu amene mwapemphera osaona kanthu, musaleke.

Koma mtima sunakhale pansi. Kulira kuja ndimakumvabe, ngakhale m'tchalitchi. Anandichotsa ntchito ati ndinayendetsa mosasamala, ndipo kalatayo ndasunganso. Loleyo ili pamsewu, akuyendetsa bambo Sitolo, a ana anayi. Anasintha bolojointi yakumanzere yokha. Yakumanja nayonso anangoikhoma ndi hamala ine ndikuona.

Choncho, mwaulemu, pamaso pa mpingo, ndikupempha akuluakulu a kampani, amene mmodzi wa iwo timadya naye mgonero: ndiyankheni makalata anga atatu mochita kulemba, ndipo loleyo muyiimitse kufikira bolojointi yakumanja itasinthidwa. Ku mtsetse kuja sikukhala maliro tsiku lililonse.