Mdzukulu Amene Anamuonera Pawindo

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1961, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anataya mng'ono wawo wakhanda chifukwa cha chifuwa chokoka mtima. Mpaka ukalamba ankasimbabe mmene kamwanako kankatsokomolera mpaka milomo kuda, kenaka n'kukoka mpweya ngati katambala kophunzira kulira.

Sukulu anayamba mochedwa, mu 1970, poti inali kutali ndipo panjira panali mtsinje. Anamaliza sekondale mu 1981, maphunziro a unamwino mu 1985. Mu 1987 anakwatiwa ndi mphunzitsi wa pulayimale, bambo wofatsa amene anatsogola mu 2009. Mulungu anawapatsa ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi.

Mu 2004 malemu analowa m'gulu lochita kafukufuku wofuna kudziwa kuti katemera wa chifuwa chokoka mtima amateteza munthu kwa nthawi yaitali bwanji. Ntchito yawo inali kutenga timagazi ta makanda ndi amayi awo, ndiponso kupisa kathonje m'mphuno mwa aliyense wotsokomola kuti kakayezedwe ku labotale. Zonsezo ankaziika m'bokosi lozizira lomwe ankamanga kumbuyo kwa njinga, n'chifukwa chake ambiri a inu mumawadziwa kuti a Kabokosi. Dzanja lawo linali lofewa. Mtsempha wa khanda ankaupeza kamodzi kokha, uku akuseka mayi wake kuti atembenukire kukhoma, poti wamantha m'chipindamo sanali mwana.

Pa ntchitoyi anaphunzirapo chinthu chimene ankatiuza pafupipafupi. Amati mphamvu ya katemera imachepa munthu akamakula, moti wamkulu akhoza kumangotsokomola pang'ono, n'kumalima, n'kumapita kumsika, koma atanyamula matenda opha khanda lomwe silinabayidwe. Amati nthawi zambiri amene amabweretsa chifuwachi si mlendo ayi, koma agogo kapena azakhali, anthu othamangira kunyamula mwana.

Kafukufuku anatha mu 2019. Malemu anapatsidwa satifiketi ndi malaya olembedwa pamsana. Makina oyezera anapakiridwa m'galimoto, chipinda cha labotale n'kusanduka mosungira mipando yothyoka.

Mu Meyi chaka chino malemu anayamba kutsokomola. Pa 7 Juni mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wamwamuna, anabereka mwana wamkazi, mdzukulu wawo woyamba, amene anamudikira zaka zambiri. Malemu anapita kuchipatala kukapempha kuti awayeze chifuwacho asanamugwire mwanayo. Anawayankha kuti zoyezera zinapita ndi eni ake, nawapatsa mapilisi kuti akaone mmene zikhalire. Anamwa, koma chifuwa sichinasinthe. Anabwererako, yankho linali lomwelo. Mayi amene anapisa thonje m'mphuno za ana a chigawo chonse anasowa woti awapise m'mphuno mwawo.

Pamenepo anadziikira lamulo lowawa. Anati sadzamukhudza mwanayo kufikira atabayidwa katemera wachitatu. Anasamukira m'kachipinda ka kuseri, ndi mbale yawo ndi kapu yawo. M'mawa uliwonse ankaima panja pa windo la mpongozi wawo, manja kumbuyo, n'kupempha kuti mwanayo amutembenuzire kowala. Kachipewa kamene anamulukira anakachapa, kukasita, n'kukatumiza kudzera mwa bambo wa mwanayo.

Anamfedwa, apa mutilole tinene zimene mbiri zambiri zimalumpha. Malemu anafotokoza chifukwa chawo, koma makutu ena anasankha zomva. Kunayamba manong'onong'o pachitsime, pamsika, ngakhale pakhonde la nyumba yomwe ino, akuti munthu wodziwa magazi ngati ameneyu akakana kunyamula khanda ndiye kuti waonapo kanthu, mwanayo si wa m'banja muno. Ena ankabwera ngati odzaona mwana, koma n'kumamuyang'ana makutu ndi zala. Ena mwa iwo mwakhala nawo pamphasa lero. Sititchula munthu. Mpongozi wathu, mtsikana wopanda chifukwa, analephera kupirira, ndipo kumapeto kwa Julayi anabereka mwana wake kumsana n'kubwerera kwa makolo ake. Malemu anapitirizabe kuima pawindo lija, m'kati mulibe munthu.

Pa 20 Ogasiti anakomoka akuthirira ndiwo kudimba, ndipo tinawatengera kuchipatala chachikulu. Atawajambula pachifuwa anapeza chotupa m'mapapo, chitakula kale. Dokotala anatiuza kuti nthendayi si yopatsirana, ndipo mdzukulu akanatha kumunyamula kuyambira tsiku lobadwa. Malemu atamva sanalire. Anangoyang'ana manja awo nthawi yaitali, kenaka anauza mwana wawo wamkulu kuti, “Kamuuzeni mpongozi wanga kuti mwanayo ndi wathu. Mphuno ija ndi ya agogo ake aamuna, ndinaiona pawindo.”

Uthenga unapita, ndipo mpongozi sanawiringule. Anakwera basi ya m'mawa pa 3 Seputembala 2024, mwana ali kumsana. Anafika m'wodi anamwino atakoka kale makatani, malemu atatisiya. Katemera wachitatu wa mwanayu ndi sabata yamawa.

Malemu asiya ana atatu, alongo awiri, mng'ono mmodzi, mpongozi amene wakhala pafupi ndi bokosi apoyo, ndi mdzukulu mmodzi. Mdzukuluyo ndi amene wavala kachipewa kachikasuko. Ndi magazi a nyumba ino, ndipo nkhaniyo ithere pano.

Banja likuthokoza anamwino anzawo amene ankasinthana pogonera kuchipatala, a dalaivala amene anatinyamula osawerengera mtunda, amayi amene akuphika kuseriko, achinyamata okumba manda, ndi a mpingo. Tikuthokozanso amayi amene abwera ndi ana awo akuluakulu, amene malemu anawatenga magazi ali makanda. A kafukufuku atumiza uthenga wa pafoni, ndipo taulandira.

Mayi athu, a Kabokosi, mwana uja wafika. Chifuwa chatha, windo palibenso. Gonani mumtendere mpaka tidzaonane.