Ufa Wakuda wa Enifa

Olemekezeka oimira bwanamkubwa wa boma lino, olemekezeka mafumu athu a kuno ku Lirangwe, abusa, aphunzitsi amene mwachokera ku Chileka, amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse mwaulemu.

Ine ndine Zakeyo Mackson, mkulu wa mpingo, ndipo andiimika pano chifukwa chipinda chofufuziramo tikutsegulachi chinali golosale yanga. Mwana wanga Enifa wakhala nane sabata yonse kundiphunzitsa zoti ndinene, koma mutu wakana. Akuti ali ndi ufa wakuda wotchedwa boraidi, wosakaniza nikelo ndi boroni. Akaupaka pa timawaya n'kutiviika m'madzi, magetsi a sola amang'amba madziwo msanga, ndipo pamatuluka mpweya wa haidirojeni umene umayaka. Ufawo akuti umangofulumizitsa ntchito, wokha osatha. Abale anga, ine ndakalamba ndikuzimitsa moto ndi madzi, lero akuti motowo unali m'madzi momwemo. Sindikumvetsa, ndipo sindinganame pamaso pa abusa.

Chaka chatha, Enifa atangobwera kuchokera kusukulu yakunja, ndinapeza kabotolo ka ufawu kuseri kwa kabati. Unali wakuda bii, ngati uja asing'anga amapaka m'mphini. Mtima unandiwawa. Ndinati mwana tamutumiza kukaphunzira, iye wabwerako ndi zithumwa. Ndinaitana amake, tinagwada, tinapemphera, kenaka ine ndinakakhuthulira zonse m'chimbudzi. Musaseke anzanga a Noah, mukanakhala inu mukanachitanso chimodzimodzi.

Imeneyo inali ntchito ya miyezi isanu ndi itatu. Enifa sanandikalipire. Anangoti, "Bambo, kuno sindingagwire ntchito," n'kuyamba kulongedza. Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha, pakuti ndaperekeza ana ambiri a anzanga pa bwalo la ndege la Chileka, ndipo obwerera ndingawawerenge ndi dzanja limodzi. Ndiye ndinatulutsa sopo, mchere ndi mashelefu m'golosalemu, n'kumupatsa makiyi. Anawalandira, wapanganso ufa wina, koma akuti za kukhala akuganizabe. Tikiti yake yobwerera kunja ndi ya Lachisanu lino, ndipo chikwama chidakali chomanga pafupi ndi chitseko.

Olemekezeka nonse, kaya mpweyawu tidzaphikira, kaya tidzayendetsera chigayo, mumufunse mwini wake, ine andifotokozera katatu koma zandipita. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinalakwa, ndipo ndavomera pagulu. Enifa mwana wanga, mabotolo ako sindidzawakhudzanso, ngakhale atakhala akuda bwanji.

Ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chipindachi chatsegulidwa. Ndipo iwe Enifa, tikamaliza pano, chonde ukamasule chikwama chija.

Zikomo kwambiri.