Tlakwache Pasiteji ya Basi

Lachiwiri m'mawa, pasiteji ya basi zopita ku Coatepec, Don Eulogio anakhala atapanira kakhola ka waya m'miyendo. Anatsekeramo tlakwache, kanyama konga khoswe wamkulu, kokhala ndi thumba lolereramo ana pamimba. Mayi wina wosamudziwa anatula dengu lake la malalanje n'kusuzumiramo.

"Kalakwanji kameneka, bambo?"

"Kuba, mayi. Akazi anga amaikira chakudya amphaka opanda mwini kuseri kwa nyumba, iko n'kumadya nawo."

"Amphakawo adandaula?"

"Aa, iwo amachita kusendera kuti kadye bwino. Odandaula ndi akazi angawo. Akuti ndikakataye kuminda ya khofi."

"Taonani thumba la pamimbali. Lalendewera, mkaka ukuchita kukha. Kakuyamwitsatu aka."

"Ana ake sindinawaone ine."

"Akakulako kamawasiya pobisika. Muli ndi mulu wa nkhuni kwanuko?"

"Ulipo. M'mawa uno ndinamvamodi tinthu tikuyetsemula."

"Kuitana mayi wawo kumeneko. Mukakataya, anawo safika mawa. Basi yanu ndi iyo."

"Ipite. Koma kunyumba ndikanena chiyani?"

"Akazi anuwo anayamwitsapo?"

"Ana asanu."

"Ndiye inu musakanene kanthu. Mukapite nawo kunkhuniko, akamve okha."