Tsiku Limene Ndinamenya Dzanja la Alamu

Moni nonse, abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine mayi ake a Tadala, kwathu ndi kumapiri kuseri kwa Chezi uko. Mundipirire, ndikamakamba za mwana ameneyu mtima sukhala m'malo.

Chaka chatha Tadala anadwala zilonda zapakhosi. Thupi moto, kumeza malovu mpaka kulira. Zinapola, ife tinati zatha. Zatha kuti! M'mawa wina anadzuka mutu utapendekera kumanzere, chibwano chitaloza kumanja. Ukamuitana, ankatembenuka thupi lonse.

Ena anati wagona moipa. Ena anati ndi ndowa yamadzi. Tinathowa, tinathowa, khosi osabwerera.

Ndiye kunabwera alamu anga, akulu awo a bambo a Tadala, amene amawongola anyamata ampira akabinya mwendo.

"Mlamu, kakhosi aka n'kongopotoza kamodzi, khwa! Mawa apita kusukulu."

Anamukhazika pampando, dzanja lina pachibwano, lina pankhongo. Atangoyamba, mwana anakuwa: "Amayi, manja anga achita dzanzi!"

Abale, ine chikwatiwire sindinawayankhepo alamu mwamwano. Koma tsiku limenelo ndinawamenya dzanja. "Musiyeni mwana wanga!" Bambo ake anandiyang'ana ndi diso lofiira. Mumtima ndinati kaya banja lithe lero, lithe.

Tinakwera njinga yamoto. Misewu yathu mukuidziwa, miyala yokhayokha. Ndinagwira mutu wake ndi manja awiri, ndikungoti Yesu, Yesu, Yesu.

Kuchipatala cha mishoni anamuveka chogwira khosi n'kutitumiza ku Lilongwe. Atamujambula, adokotala anati matenda apakhosi aja anafewetsa mitsempha yogwira mafupa awiri apamwamba pa khosi, fupa lina n'kusuntha. Ndinawauza za alamu. Adokotalawo anati, "Mayi, akanamaliza kupotoza, mwina mwanayu sakanayendanso."

Ndinakhala pansi pomwepo.

Anamugoneka chagada, mutu akuukoka pang'onopang'ono ndi cholemera, mankhwala akumwa. Ine tulo ayi, chakudya ayi, ndinkangomutsina zala zakuphazi n'kumafunsa, "Ukumva?"

Mulungu ndi wabwino, abale! Fupa linabwerera. Bambo ake anabwera kuchipatala n'kundigwira dzanja pamaso pa anthu. Alamu mpaka lero sandipatsa moni bwinobwino, koma palibe kanthu.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza adokotala ndi inu amene munkatipempherera. Tadala anabwerera kusukulu, akuyenda ndi miyendo yake. Ali pabenchi yakutsogolo apoyo.

Tadala mwanawe, tacheuka, anthu akumbuyo akuone.

Mwaona? Aleluya!