Zimene Ndinapeza pa Pepala la Chisudzulo cha Makolo Anga

Okondedwa omvera, ndine mayi wa ku Ntengo-Wambalame. Ndinakula ndikudana ndi bambo anga, poti amayi ankati anatithawa ine ndili wakhanda.

Amayi atamwalira, mwana wanga anandifunsa za kwawo kwa agogo ake aamuna. Ine kwawoko sindinkakudziwa, choncho ndinapita ku tiribunali, bwalo la milandu la ku Tsangano, kukafunsa za chisudzulo cha makolo angawo. Bambo wosunga mapepala anafufuza masiku awiri. Atalipeza pepalalo, analiwerenga m'Chipwitikizi, kenako anandiyang'ana mwachisoni.

"Mayi, amene anapempha kuti banja lithe ndi amayi anu. Bambo anu anakana, ndipo anachonderera kuti azikuonani."

M'mawa mwake ndinakwera njinga yamoto kupita ku Chidzolomondo, kumudzi kumene kunalembedwa papepalapo. Ndinapeza mlongo wawo wa bambo akusoka fodya m'chigafa. Nditafotokoza kuti ndine yani, anandigwira manja nayamba kulira.

"Mwana wa achimwene, wachedwa. Tinawaika chaka chathachi. Anapita kwanu katatu konse, koma amalume ako ankangowabwezera panjira."

Azakhaliwo anandiperekeza kumanda. Ndinagwada pamtumbira, ndipo ine wa zaka makumi anayi ndinaitana koyamba m'moyo wanga kuti, "Ababa."