Dzanja Losamvera la a Benedict Kamwendo

Malemu a Benedict Kamwendo anabadwa pa 9 Meyi 1936 kuno ku Lusaka, kwa makolo ochokera ku Dedza. Ine ndine Dingani, mng'ono wawo. Mundikhululukire, mawu andithera.

Sukulu analekezera Sitandade 6. Mu 1958 anayamba ntchito yowotcherera zitsulo pa kampani ina yogaya ufa. Mu 1961 anakwatira amayi a Mainess n'kukhazikika ku Matero. Mu 1979 mpingo unawasankha kukhala mkulu, ndipo Sabata lililonse ankaima pakhomo la tchalitchi kupereka moni wa m'manja. Kampani itagulitsidwa mu 1993, ntchito inawathera.

Chaka chomwecho manja anayamba kunjenjemera, mapazi kukhwekhwereza pansi. Ife tinkati ndi maganizo a ulova.

Pa 12 Malichi 1995, anthu akutuluka m'mapemphero, malemu anagwira dzanja la mayi wina wapabanja, osalisiyanso. Mayiyo kukoka, iwo ali nganganga, nkhope ili duu. Mwamuna wake anachita kukanganula zala chimodzichimodzi. Mpingo unawadula, ati mkulu wayamba kusirira akazi a eni. Ndinene poyera, nanenso ndinawakalipira, ndipo manyazi ake sanandichoke.

Mu Juni 1996 dokotala wa kuchipatala chachikulu anawatenga madzi a mumsana n'kuwatumiza kunja kukapimidwa. Anatifotokozera kuti ubongo umapanga mankhwala otchedwa dopamini, oyendetsa thupi, amene akagwira ntchito amasiya zotsalira m'madziwo, monga phulusa la mbaula. Mwa akulu angawa phulusalo linali lochepa kwambiri, kusonyeza kuti moto unali kuzilala. Kenako anawaika chala m'chikhatho, dzanja n'kufumbata lokha ngati la khanda. Dokotalayo anali mwamuna wandevu zake, koma nayenso sanamusiye.

Kalata ya dokotala tinaipereka kumpingo mu Ogasiti 1996. Tinayenda, abale anga, mpaka nsapato kutha. Lero alembi kulibe, mawa akulu sanakwane. Malemu sankadandaula za ululu. Chimene ankafunsa, ndi mawu ovuta kumva aja, n'chakuti adzabwerera liti pa Mgonero. Anatisiya Lachiwiri pa 17 Febuluwale 1998, ali chidulidwire.

Asiya mkazi, ana asanu, zidzukulu khumi ndi ziwiri, ndi ine.

Tikuthokoza anansi athu ba Nsama ndi ba Kombe, amene kwa zaka ziwiri ankathandiza mlamu wanga kunyamula odwala. Tikuthokoza amayi amene mwagona pano kuyambira Lachiwiri. Akulu a mpingo, tathokozanso. Dzulo madzulo mwatibweretsera kalata yowabwezera pa Mgonero. Tailandira ndi manja awiri, koma oyenera kuiwerenga ndi awo agona apowo.

Akulu anga a Benedict, tatopa tonse, koma inu munatopa koposa. Mzimu wanu uuse mu mtendere.