Ndinamusaka Ndekha

Pa siteji ya Mbulumbuzi, bambo wina wa kabaza ankacheza ndi mayi amene ankadikira minibasi.

"Mumagwira kuti, mayi?"

"Ndinkagwira ku Limbe, ku ofesi yopezera anthu ntchito. Alonda, antchito a m'nyumba, onse ankadzera kwa ine."

"Ndiye munasiyiranji?"

"Sindinasiye ayi. Abwana anandituma kuti ndisake mtsikana wodziwa kompyuta, ati kampani ina ikumufuna. Ndinakamupeza kwa Mpama, n'kumuphunzitsa ndekha mayankhidwe a pa intaviyu. Lolemba ndikulowa mu ofesi, ndinamupeza atakhala pampando wanga."

"Aa! Kampani yake inali yomweyo?"

"Yomweyo, bambo."

"Osapita kukadandaula?"

"Ndinapita dzulo, kukangopempha kuti andipezereko ntchito ina. Mtsikanayo anandiyang'ana n'kunena kuti, 'Pepani amayi, a msinkhu wanu sitikuwalemba.'"